Khutu la Kumanzere

Tidakapeza titabwerako kumanda,
posesa m'nyumba ya azakhali Nankhoma:
m'chitini cha tiyi, pansi pa mabatani ndi malisiti a feteleza,
kamkanda ka mkuwa, kodetsedwa ndi thukuta,
kumapeto kwake kachitseko
kosaposa chikhadabo cha chala chachikulu.
Kadakana kutseguka.

Ku Kamwendo, tsiku la msika,
wokonza mawotchi adatsinira galasi lake m'diso
n'kukatokosa ndi singano.
Kadangoti phwe,
ndipo munthu adatiyang'ana.

Si za kamera izi, adatero, onani mizere.
Wina adakhala pansi ndi kaburashi ka maubweya atatu
kumuika munthuyu tsitsi limodzilimodzi.
Jekete yobiriwira. Tayi yofiira. Seda m'mutu.
Kumbuyo zilembo ziwiri zofufutika,
Y ndi chinzake, kaya K kaya R.
Ndalama yanga adalandira,
dzina sadandipatse.

Amalume Filimoni adayang'ana kamodzi kokha:
Ndi bambo athu awa, asanapite kumigodi.
Amayi adatsomphola:
Bambo athu tayi adaionera kuti?
Mphuno iyi si ya kwathu.
Adakangana mpaka nkhuku kulowa,
aliyense akukokera wakufayo kwake
monga bulangeti limodzi mwezi wa Juni.

Kumishoni akatekisiti adanditsegulira mabuku a ubatizo
amene chiswe chidayamba kale kuwerenga.
A Yohane makumi anayi, a Yakobe, a Yosefe osatha.
Iwo akusunga mayina opanda nkhope,
ine ndanyamula nkhope yopanda dzina,
ndipo ziwirizi sizidalonjerane.

Ku Kapiri mayi wina wogulitsa mtedza
adaseka mpaka kugwira nthiti.
Adalowa m'nyumba, adatuluka ndi kake.
Nkhope ina, koma jekete yomweyo,
tayi yomweyo, yopendekera komweko.
Mmisiriyo anali kutsidya kwa malire, adatero,
ndipo ankaveka aliyense.
Wolowa ndi zigamba ankatuluka ali kalaliki.
Musafunse chovala, mayi,
chovalacho ndi cha burashi.

Wakabaza adanditula ku Mkanda dzuwa litapendeka.
A Zefaniya, maso adachita nkhungu kalekale,
adakagubuduza m'manja ngati akuyesa kulemera kwa nzama.
Adafunsa chimodzi:
Khutu la kumanzere, kodi n'long'ambika?
Ndidayang'ana. Linali long'ambika.
Ndi Yotamu ameneyo.
Waya wa pa esiteti udamutema tikuthawa kapitawo,
magazi mpaka m'kolala.
Adauza mtsikana wina kuti abwera fodya akagulitsidwa,
n'kukwera lole.
Adakhala chete, kenaka adawonjezera:
Fodya wagulitsidwa kambirimbiri.

Ndidabwerera ndi dzinalo m'kamwa
ngati suwiti, osafuna kuti lisungunuke.
Yotamu. Yotamu.
Usiku mwana wanga Tiyesere adaunika ndi foni,
nkhope ija adaikulitsa mpaka kudzaza galasi.
Amayi, si bala ili.
Ndi penti yangokanganuka.
Onani, mkuwa ukuonekera pansi.

Ndiye ndani, azakhali?
Inu amene mudakana amuna atatu popanda chifukwa,
amene lole ikamalira pamsewu
munkaleka kupeta, lichero lili m'mwamba.
Pokusambitsani tidaona banga lobiriwira pachifuwa,
tidanong'onezana kuti ndi matenda aja.
Unali mkuwa.
Zaka zonsezo munthu ankagona pamtima panu
ife tikudya nanu m'mbale imodzi.

Mwina penti idakanganuka pomwe panali bala.
Mwina chala chanu ndicho chidaikanganula,
pobwerera usiku uliwonse pamalo amodzi.
Mwina a Zefaniya ali ndi akufa awo
amene akuwafunira nkhope.

Amalume akuti tikagulitse ku Lilongwe,
alendo amakonda zakale.
Ndakana.
Ndakatseka, kati phwe kachiwiri.
Tsopano kali m'khosi mwanga, kunsi kwa bulauzi,
ndipo munthu wosadziwikayu, ndi jekete yake yobwereka,
wayamba kufunda.